Nambala Imene Ndinatsitsa Loweruka

Ntchito yanga ndi yosuntha manambala. Ndimakhala m'kachipinda kakuseri kwa shopu yobetchera mpira, kopanda zenera, maso pakompyuta, fani ikungopukusa mutu. Anthu amaganiza kuti ndimadziwa timu imene iwine. Ndidziwire kuti, ngati ndine mlosi?

Nkhani yake ndi iyi. Matimu akakhala ofanana mphamvu, chilungamo chikanakhala chakuti woika zana alandire mazana awiri. Ife timalemba 1.90 uku, 1.90 uko. Wina aika zana pa ofiira, wina zana pa obiriwira. Wopambana timamupatsa 190, khumi yotsalayo ndi ya abwana. Ndalama zikalemera mbali imodzi, ndimatsitsa nambala ya mbaliyo n'kukweza inayo kuti anthu athamangireko. Awine awa, awine awo, abwana sadandaula.

Achimwene anga ndinawafotokozera zimenezi mpaka malovu kuuma. Iwo amanyamula anthu panjinga yamoto, ndipo njingayo ndi imene inkadyetsa alamu ndi ana atatu. Ankangoseka, amvekere ndikubisa chifukwa choopa kuchotsedwa ntchito. Kwa iwo nambala ikatsika ndiye kuti eni ake anunkhiza kanthu. Ndinkapsa mtima, koma munthu wamkulu ungamutani?

Loweruka limenelo kunali fainolo ya chikho, ofiira ndi obiriwira. M'mawa achimwene anabwera ndi anzawo a pasiteji ya njinga, onse n'kuika pa ofiira. Ndalama zinalemera mbali imeneyo, ndipo ndinatsitsa kufika pa 1.75. Pa sikirini ya kamera ya m'shopu ndinawaona akuloza bolodi la manambala. Kenaka anayang'ana kamerayo, n'kukweza chala chachikulu, akumwetulira. Anaganiza kuti mlongo wawo wawatsina khutu. Sanadziwe kuti imene yatsitsa nambalayo ndi ndalama yawo yomwe.

Anatuluka. Mafoni athu amatsekeredwa m'kabati tikamalowa, ndipo mpira usanayambe sitiloledwa kupita kutsogolo kuli makasitomala. Ndinapempha abwana mphindi ziwiri zokha. Anandifunsa ngati ntchito yandikola.

Patatha ola achimwene anabwerera wapansi, chipewa cha njinga chili m'khwapa, envulopu yonenepa kumanja. Sindinafunike kuuzidwa. Wolandira ndalama atangolowetsa, mzere wa ofiira pakompyuta yanga unalumpha.

"Tsitsa," anatero abwana kumbuyo kwangaku.

Ndinawauza kuti munthuyo ndi mchimwene wanga, bere limodzi, ndipo wagulitsa njinga.

"Ndiye nditani? Tsitsa."

Ndinatsitsa, ine ndemwe, ndi chala changa, kufika pa 1.55. Achimwene anaomba m'manja. Anagulitsa chipewa chija kwa mnzawo pomwepo, n'kuwonjezeranso pa ofiira. Obiriwira ndinawakweza mpaka 2.40, anthu anakhamukirako, ndipo pamene woimbira ankaliza wezulo mbali zonse zinali zitalingana bwinobwino.

Obiriwira anawina ndi chigoli chimodzi. Abwana anandigulira chakumwa chozizira, ati ndagwira ntchito yaukhondo. Chinakhala patebulopo mpaka kufunda.

Mawa lake ndinapita kwa achimwene. Alamu ankachapa, ndipo anandiyankha moni osadzutsa mutu. Pakhonde panali bwalo lakuda la oyilo pamene njinga inkagona. Achimwene anakhala pambali pake, tikiti ili m'manja, atayipindapinda mpaka manambala kufufutika.

Ndinkayembekezera kuti andilalatira, ndipo ndinkafuna atatero. Ndinayambanso kufotokoza za zana ili ndi zana ilo, za khumi ya abwana, misozi ili m'maso. Anandidula mofatsa, ngati mmene ankachitira ndili mwana ndikagwa.

"Usalire, chemwali. Ndikudziwa unafuna kundithandiza. Nawenso anakunamiza akuluakuluwo."

Ndinati palibe anandinamiza, palibe amadziwa kanthu, ngakhale abwana amene.

Anagwedeza mutu ngati amva. Anandiperekeza mpaka pamsewu, n'kutembenuka kuona ngati alamu sakumva.

"Loweruka likubwerali ndidzaima pomwe paja," anatero chapansipansi. "Koma udzatsitse pokhapokha watsimikiza."