Maina Anayi M'kaundula wa kwa Gwedeza

Zakeyu, mlembi wa mudzi wa Gwedeza, anagona kaundula ali kumutu, koma tulo tinkamukana. Anali atatopa, abale, kutopa kofika m'mafupa. Kalata ya kukhonsolo inati mudzi wosakwana mabanja makumi atatu udzafufutidwa n'kuphatikizidwa kwa Nkhwazi, kuseri kwa phiri. Anawerenga nyumba katatu konse, koma ankaperewera mabanja anayi. Anyamata anathera ku Joni, atsikana kutauni. M'mudzi munatsala nkhalamba ndi mbuzi.

Ndiye tsiku limenelo anachita za munthu wothedwa nzeru. Anadzera kumanda, n'kukopera maina anayi a pamitanda, n'kuwalemba ngati eni nyumba. Loyamba linali la agogo ake aamuna, a Gwedeza eni mudziwo. "Akufa alibe pakamwa," anadzilimbitsa mtima motero.

Tulo titamuba, anangopezeka ali pabwalo. Kunali zii, ngakhale galu osauwa. Anamva fungo la dothi lonyowa ndi la fodya wofwenkha. A Gwedeza anakhala pamwala atavala chikhoti chawo chong'ambika pachigongono, mapazi ali mbuu ndi katondo wa kumanda. Kumbuyo kwawo kunaima anthu atatu, aliyense mkeka m'khwapa.

"Zakeyu, watiitana. Tabwera. Tigone nyumba iti?"

Zakeyu anati, "Agogo, ndimafuna dzina lanu lisafe."

"Dzina langa lisungidwe ndi bodza? Ife tinatha kuwerengedwa tsiku lomwe munatikwirira." Analoza ndi ndodo kutsidya kwa dambo. "Utsi uwo ndi wa mizimu? Anthu aja amwa madzi a pachitsime changa zaka khumi ndi ziwiri. Mukuti ndi obwera, simuwalemba, maliro awo mumawabweza. Inenso pano ndinafika ndi mkeka pamutu. Tifufute, mdzukulu, tikagone."

Zakeyu anadzidzimuka atambala akulira, thukuta lili kamukamu. Anatsegula kaundula n'kufufuta maina anayi aja mpaka pepala linatsala pang'ono kubooka. Mabanja asanu a kutsidyawo ankawadziwa bwino. Ankadziwanso chifukwa chake sankalembedwa: wolembedwa m'mudzi amakhala ndi malo kumanda, ndipo akuluakulu ankati mandawo ndi a mbumba yokha.

Anayamba wakafotokozera malotowo malume ake, anyakwawa, omwe maso anali atawathera kale. Iwo anamvetsera, kenako anapumira m'mwamba. "Ngati anena ndi iwowo, ine ndine yani? Pita."

Kutsidya anapeza a Sulumba, mkulu wa obwerawo, akukhoma mpini wa khasu. Atamva kuti wadzawalemba m'kaundula sanaleke kukhoma.

"Zaka zonsezi, mwatikumbuka lero chifukwa nambala yaperewera?"

"Ndi zoona, bambo. Manyazi ndili nawo."

"Nanga ine ndikafa mudzandiika kuti?"

"Kumanda kwathu, pafupi ndi agogo."

A Sulumba anaika khasu pansi. Anayang'ana kaundula uja nthawi yaitali.

"Lembani," anatero motsitsa mawu. "Koma amayi a kunyumba kuno musawalembe. Aja atamwalira chaka chatha munawabweza, tinawanyamula pangolo mpaka kwawo."

Zakeyu mtima unamuwawa. Anagwada pafumbi pomwepo, kaundula pabondo, n'kulemba dzina la a Sulumba pamzere womwe anafufuta agogo ake.