Kettie pa Khadi la Nthanda

Munthu wamkulu saphunzitsa mwana kunama. Mwana akhoza kunama yekha chifukwa cha mantha, ndipo chimenecho chili ndi chilango chake. Koma kholo likatenga bodza ndi dzanja lake nkuliika m'kamwa mwa mwana, palibe dzina labwino limene tingachitche chinthu chotero. Mayi Vainess Matewere ankalidziwa lamulo limeneli kuyambira ali mtsikana ku Mulanje. Komabe Loweruka loyamba la mwezi wa Meyi, ataimika galimoto pafupi ndi bwalo la mpira ku Scarborough, kutsidya kwa nyanja, anatembenukira kumpando wakumbuyo, kumene kunakhala atsikana awiri.

"Kettie, tamvera. Kuno aliyense akakufunsa dzina, ndiwe Nthanda. Wamva?"

"Koma amayi, Nthanda si uyu?"

"Mum, that's cheating," anatero Nthanda mwini dzina, amene Chichewa ankachimva koma osachiyankhula.

"Iwe khala chete. Mpira unaukana wekha."

Nthanda anali mwana wobala yekha wa Mayi Matewere. Kettie anali wa mchemwali wawo wamkulu, Lilian, amene anamwalira mu Januwale ku Mulanje. Mtsikanayo anafika mu Epulo ali ndi zaka khumi ndi zitatu, wosayankhula, wosadya bwino. Chimene ankachita nchimodzi chokha: kumenyetsa mpira kukhoma la m'njira ya pa nsanjika yakhumi ndi chinayi, mpaka anthu a nyumba zoyandikana anakadandaula kwa woyang'anira nyumbayo. Mayi Matewere anayesa kumulembetsa ku kalabu ya Chigwirizano, koma fomu inkafuna kalata yosonyeza kuti iwo ndi womulera mwalamulo, ndipo mapepala amenewo anali adakali ku boma. Kwawo mwana wa mchemwali wako ndi wako, safuna kalata. Tsono panali khadi la Nthanda, amene analembetsedwa kale m'timu ya atsikana osapitirira zaka khumi ndi ziwiri koma sanapiteko ngakhale tsiku limodzi. Atsikanawo ankafanana mphumi ndi mano. Banjalo linali litangosamukira kuno kuchokera ku Hamilton, kotero pa kalabupo panalibe wowadziwa.

Mphunzitsi wa timuyo anali Bambo Medson Kalimbira, amene masana ankagwira ntchito yonyamula katundu m'nyumba yosungiramo katundu ku Mississauga. Kwa zaka zisanu ndi zinayi ankaphunzitsa ana mpira mosalandira kanthu, akukwera basi ndi thumba la mipira pamsana. Masewera alionse asanayambe, iye ndiye ankasayina pepala lotsimikizira kuti mwana aliyense wolowa m'bwalo ndi mwini wa khadi lake. Tsiku limenelo anayang'ana chithunzi, anayang'ana mwana, nafunsa dzina. Kettie anayang'ana pansi nati, "Nthanda." Iye anamupatsa jezi.

Mtsikanayo ankasewera ngati anabadwira m'bwalo. Pofika mu Juni timu imene chaka chatha inali kumchira inali pa nambala yachiwiri, ndipo makolo okhala pa mipando yawo yopinda m'mbali mwa mzere ankakuwa dzina loti Nthanda mpaka mawu kusasa. Iye kawirikawiri sankacheuka.

"Uyu mwana ni gonthi olo ni matama?" ankaseka Bambo Howard Sakala, wa ku Chipata, amene mwana wake anali goloboyi. "Tipunda zina yake, sayangana na kuyangana!"

"Ndi wamanyazi chabe, achimwene," ankayankha Mayi Matewere, akuseka nawo. Kunyumba Kettie anayamba kudya, anayambanso kuimba posamba. Mayiwo anadziuza kuti bodza limene lachiritsa mwana wamasiye Mulungu angalimvetse. Umu ndi mmene tonse timadzinyengera.

Pakati pa Julayi kunabwera timu ya ku Hamilton. Mmodzi wa atsikana ake, Juliet, anaphunzira kalasi imodzi ndi Nthanda kwa zaka zitatu. Atamva dzinalo likuitanidwa pofufuza makhadi, anathamanga kudzakumbatira mnzake, koma anaima panjira.

"That's not Nthanda," anatero mokweza, pamaso pa woimbira mpira.

Patapita masiku anayi kalata ya akuluakulu a ligi inafika. Mapointi onse a Chigwirizano anachotsedwa. Bambo Kalimbira anaimitsidwa kufikira mlandu utamvedwa patatha masabata atatu, ndipo ngati zikapezeka kuti ankadziwa, sadzaloledwanso kuphunzitsa ana m'kalabu ina iliyonse ya ligiyo.

Mayi Beatrice Chimwaza, wapampando wa komiti ya makolo, anaimba foni Mayi Matewere ali pa nthawi yopuma ku nyumba yosamalira okalamba kumene ankagwira ntchito.

"Amake Nthanda, kapena nditi amake ndani? Mwatichititsa manyazi. Ndiuzeni chinthu chimodzi chokha: a kochi ankadziwa?"

Mayi Matewere anaganiza za mapepala a Kettie amene anali pa tebulo la munthu wina wa boma yemwe iwo sankamudziwa. Sankadziwa ngati nkhani ya mpira ingafike pa tebulo limenelo. Sankadziwanso wofunsa, popeza kufunsa kunali kudziulula. Chimene ankadziwa nchakuti ku Mulanje kunalibenso munthu woti nkumulandira mwanayo.

"Ankadziwa," anatero. "Anati palibe vuto, mwana ndi waluso."

Bodza loyamba linali la chifundo chosokera. Lachiwirili linali kupereka munthu wosalakwa, ndipo tisalichepetse. Dzuwa lisanalowe mawuwo anali atafalikira pa gulu la pa foni la makolo. Anthu amene mwezi wathawo ankamunyamulira Bambo Kalimbira mandasi ndi madzi ozizira anayamba kulemba kuti ankamuona kale kuti amakonda kupambana kuposa ana.

Masewera a ligi anapitirira, chifukwa atsikana ena analibe mlandu. Bambo Sakala anatenga wezulo m'malo mwa mphunzitsi. Iye mpira ankaudziwa wa pa wailesi yakanema wokha.

"Imwe ma gelo, yendani ku left! Osati uko, left inangu!" ankakuwa, ana nkumangogundana. Anagonja zigoli zisanu ndi chimodzi kwa duu, kenaka zinayi kwa duu. Makolo atatu anachotsa ana awo. Bambo Kalimbira, poti sankaloledwa kuponda udzu wa bwalolo, ankaima kunja kwa mpanda wa waya, manja m'thumba, akuyang'ana. Goloboyi akaima polakwika, milomo ya mphunzitsiyo inkagwedera, koma mawu osatuluka.

Lachinayi lina madzulo Mayi Matewere akuchokera ku ntchito anakumana ndi Bambo Kalimbira maso ndi maso pa siteshoni ya Kennedy. Panalibe pothawira.

"Mwaswera bwanji, mayi?"

"Ndaswera, bambo, kaya inu."

"Ine andisasipenda, monga mukudziwa." Kenaka anafunsa, "Mayi, ndinakulakwirani chiyani?"

"Palibe, bambo."

"Nanga bwanji?"

"Mwanayo amake tinaika mu Januwale. Mapepala ake sanatuluke. A boma akamva kuti ndine wonama, akamubweza, akafikira kwa yani?"

"Ndani wakuuzani kuti angamubweze chifukwa cha mpira?"

"Palibe. Koma palibenso wandiuza kuti sangatero. Inu mungalumbire?"

Bambo Kalimbira sanathe kulumbira, popeza nayenso malamulo amenewo sankawadziwa. Anasuntha thumba lake la chakudya kuchoka m'dzanja lina kupita m'dzanja lina.

"Munthu wa m'maliro sindingamuvule pagulu," anatero. "Ndikanena kuti sindinadziwe, chifukwa ndi zoona. Sakandikhulupirira, poti siginecha ndi yanga ndipo mawu anu ali kale kwa Mayi Chimwaza. Koma kupitirira apo sindinena. Basi yanu ndi iyo."

Mayiwo anakwera basi. Anafuna kulira, koma munali anthu.

Kunyumba Kettie anali atabwerera ku khalidwe lake la mu Epulo. Sankaloledwa kusewera, ndipo atsikana a m'timu anasiya kumulembera mauthenga, popeza sankadziwa kuti amutche dzina liti. Loweruka m'mawa, Mayi Matewere akusita yunifolomu, mtsikanayo anabwera nakhala pansi pafupi ndi mwendo wa tebulo, monga mwana woleredwa bwino amachitira akafuna kuyankhula ndi wamkulu.

"Amayi, a Kochi anafunsa ine, osati inu. Amene ndinanena kuti ndine Nthanda ndine. Mawa kumsonkhano ndikawauza kuti khadi ndinaba ndekha m'chikwama mwanu. Ine ndine mwana, sangandimange."

"Usayerekeze."

"Nanga a Kochi?"

"Ndati usayerekeze! Nkhani za akuluakulu zikukhudza chiyani?"

"Mum, she's right," anatero Nthanda ali pakhomo la chipinda. "Coach didn't do anything."

Mayi Matewere anazimitsa simbi nakhala pa mpando.

Msonkhano wa makolo unachitika Lamulungu masana, mapemphero atatha, m'chipinda chapansi cha tchalitchi chimene kalabu inkabwereka. Munali anthu oposa makumi atatu, ana atakhala m'mbali mwa khoma. Mlandu ku ligi unali Lachitatu, ndipo akuluakulu kumeneko ankafuna kalata yonena maganizo a kalabu. Mayi Chimwaza anapemphera, kenaka anawerenga kalata imene komiti inakonza. Inkanena kuti kalabu sinadziwe kanthu, kuti mphunzitsi anachita zimenezi payekha atanyengerera kholo limene linali pa chisoni, ndiponso kuti kalabu yamuchotsa.

"Tikapanda kutero atitsekera kalabu yonse," anafotokoza. "Ana makumi asanu ndi limodzi akhala pakhomo. Bambo Kalimbira, muli ndi mawu?"

Bambo Kalimbira anaimirira, chipewa m'manja.

"Sindinadziwe. Ndinafunsa dzina, ndinauzidwa, ndinasayina. Zina sindinena. Mipira ili m'thumba umo, iwiri ikufuna kupopa."

Anakhala pansi. Wina kumbuyo anatsonya.

"Manje ise tizaziba bwanji?" anafunsa Bambo Sakala, mawu ake opanda nthabwala tsopano. "Ine uyu mudala nimukonda, koma mayi anakamba, na siginecha ilipo. Tichite bwanji?"

Mayi Chimwaza anapempha kuti ovomereza kalatayo akweze manja. Manja anayamba kukwera, limodzi limodzi, eni ake akuyang'ana pansi. Ku khoma kuja Kettie anagwira mpando nayamba kudzuka.

"Khala pansi, Kettie," anatero Mayi Matewere.

Aka kanali koyamba kuti anthu a Chigwirizano amve mayiwo akumuitana mwanayo ndi dzina limeneli. Mayi Matewere anadutsa pakati pa mipando, anafika kutsogolo, nagwada pa simenti atavala zovala zawo za ku tchalitchi. Mayi Chimwaza anafuna kuwadzutsa, koma iwo anakana ndi dzanja.

"Tsitsani manja, abale anga, musasayinire tchimo langa. Mayi wapampando, makolo anzanga, ndi inu ana amene muli apo, mundimve nonse. Mwana uyu ndi Kettie, wa malemu achemwali anga a Lilian. Ali ndi zaka khumi ndi zitatu. Khadi ndinatenga ndine. Ndinamuuza ndine m'galimoto kuti akane dzina limene anamupatsa amake, ndipo iye anandifunsa, ine sindinamumvere. Bambo Kalimbira sanadziwe kanthu, tsiku loyamba kapena tsiku lina lililonse. Mayi Chimwaza, pamene munandiimbira foni ndinakunamizani. Ndinati a kochi ankadziwa, ndinati anati palibe vuto. Mawu amenewo sanatuluke m'kamwa mwawo. Ndinawapeka ndine, chifukwa ndinaopa kuti mapepala a mwanayu aonongeka. Ndinaona bambowa ataima kunja kwa waya ngati wakuba, ndinakhala chete. Anandifunsa pa Kennedy kuti anandilakwira chiyani, ndinakwera basi. Dzulo mwana uyu amafuna kudzanena kuti anaba khadi yekha, kuti andiphimbe ine, munthu wamkulu."

Anatembenuka ali chogwada, nayang'ana Bambo Kalimbira.

"Bambo, ndinakuipitsirani dzina pa ntchito imene mwaigwira zaka zisanu ndi zinayi. Sindikupemphani kuti mundikhululukire lero. Mayi Chimwaza, ng'ambani kalatayo, mulembe zimene ndanenazi, ndisayina ndekha, ndipo Lachitatu ndikazinenanso pamaso pa a ligi. Za mwanayu kuti zitha bwanji, ine sindidziwa. Koma wonama ndine."