Makope a Bwato Lopanda Mwini

"Izi zokha sitigawana," anatero a Margret uku akukankha sutikesi ndi phazi. "Izi n'zamoto."

Panali patapita masiku atatu chiikireni maliro a mchimwene wawo, a Samueli. Anamfedwa anali atameta, ndipo katundu wa malemu anali atayalidwa pamphasa pansi pa mtengo wa mango. Jekete ndi njinga zinapeza eni ake mosavuta. Chinatsala ndi sutikesi yodzaza makope, ndipo a Margret anali atabweretsa kale botolo la palafini.

Dailes, mwana wa malemu, anasendera pafupi. M'makopemo munali zaka khumi ndi zisanu za moyo wa bambo ake. A Samueli anali kalaliki wamba pamalo ogulira nsomba ku Senga Bay, koma dziko lonse linkawadziwa ndi sewero la pawailesi la Lachinayi madzulo, Bwato Lopanda Mwini. Ankalemba pamanja, n'kukopera bwino, n'kutumiza ku Blantyre pa positi.

Zaka zoyambirira seweroli silinali la masewera. Mzukwa wa msodzi womira unkapalasa bwato n'kumakokera anthu pansi pa madzi, sabata iliyonse mmodzi. Ana ankanyowetsa mphasa, ndipo amuna ndevu pepeya ankadwala mutu Lachisanu kuti asalowe m'nyanja. Kenaka mzukwa unamiza munthu wina wa mpando, ndipo kunabwera kalata yaulemu yowakumbutsa a Samueli kuti m'dziko la bata akuluakulu samira. Kuyambira pamenepo mzukwa unaphunzira mwambo. Unkangomiza akuba maukonde ndi zidakwa, anthu opanda owadandaula.

"Azakhali, makope alakwanji?" anafunsa Dailes.

"Ukufunsa ngati mlendo? Lachinayi sewero lawo linakamba za mnyamata womira ndi mwera. Loweruka Wilison wathu anamira ndi mwera. Imfa saiitana ndi dzina, mwanawe. Bambo ako anaiitana zaka zonsezi, mpaka yawatenga."

"Yawatenga ndi chifuwa, azakhali."

"Sukulu yakupweteka iwe. Alamu, nenani ndinu. Nyumba ino ndi yanu."

Onse anacheukira a Esitere, mkazi wa malemu, amene anakhala poteropo atatambalala miyendo. Dailes ankalidziwa yankho lawo. Chimwalirireni Wilison, mwana wawo wamwamuna, zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, amayi ake sanalitchulenso seweroli. Nyimbo yoyambira ikangolira, ankanyamula khasu kapena ndowa n'kuzimiririka. Mwamuna wawo ankamuphikira, kumuchapira, kumuyankha akafunsa, koma mlandu wa mwana sanaukhululuke. Nawonso a Samueli anali munthu wa pakamwa polemera. Pepala ankalilankhula bwino, koma mkazi wawo ankamuopa.

"Otchani," anatero a Esitere.

Dailes anagwada pafupi ndi sutikesi. Zinamupweteka kuti bambo ake aikidwa kawiri m'sabata imodzi.

"Amayi, inu mumadziwa mzukwa wakale. Mukudziwa kuti chimwalirireni achimwene sunaphenso munthu?"

"Usandiuze za mizukwa."

"Anthu ankalemba makalata odandaula, ati mzukwa wa a Samueli walowa mpingo. Unasiya bwato n'kutsikira kumtunda. Chaka chathunthu unkafunafuna mudzi wakwawo. Utaupeza, zaka zonsezi wakhala ukufika pakhonde la mayi ake, koma kugogoda umalephera. Loleni ndiwerenge tsamba limodzi, kenaka azakhali ayatse."

Dailes anatenga kope lapamwamba, lachikuto chofiira, n'kutsegula chakumapeto. Anayamba kuwerenga.

"Mzukwa ukuti: Amayi, ndabweranso. Sindikuzizidwa, musadandaule. Tsiku lija bambo anandiletsa, anabisa nkhafi kudenga, ine ndinakabwereka ina. Iwo sanakuuzeni, poopa kuti mungamakwiyire ine womwalira. Anati bola mukwiyire iwo amene ali moyo."

Nkhafi ija apabanjapo anaipezadi kudenga chaka chimene ankafolera nyumba, ndipo panthawiyo palibe anadziwa chimene inkafuna kumeneko.

"Analemba liti zimenezo?" anafunsa a Esitere chapansipansi.

"Gawo ili ndi la mwezi wathawu. Koma mawu amenewa mzukwa wakhala ukuwanena chaka ndi chaka. Anthu mpaka anatopa nawo."

Potembenuza tsamba, Dailes anaona timalemba ta pensulo pansi penipeni, timene sitinali ta sewero. Anabwerera m'mbuyo, ndipo gawo lililonse linali nato. Anatulutsa kope lina, kenaka lina. Anali malemba a kalaliki, aukhondo, ndi deti lake pambali.

"Pali chiyaninso?" anafunsa a Margret.

"Bambo ankalemba Lachinayi lililonse sewero likatha." Dailes analoza ndi chala. "Apa akuti, Lero sanamvere, anapita kudimba. Apa, Lero sanamvere, anakatunga madzi mitsuko ili yodzaza. Apa, Sanamvere. Sanamvere."

Anafika pa kope lofiira lija, tsamba lomaliza. Malemba ake anali opendama, a munthu wodwala.

"Lero amapeta mpunga kuseri kwa zenera. Mwina wamvako pang'ono."

Misozi ya a Esitere imene inakana kutuluka kumanda inayenderera mpaka kuchibwano, ndipo sanaipukute.

"Mpungawo unali wopetapeta," anatero. "Ndinkamva chifuwa chawo, ndinadziwa kuti akupita. Koma wailesi anaitsitsa kwambiri, kuopa kundikwiyitsa. Sindinamve kanthu."

Anadzuka, n'kutenga botolo la palafini m'manja mwa mlamu wawo, n'kuliika pakhonde. A Margret analipereka osalimbana nalo. Kenaka a Esitere, amene sukulu sanaipondeko, anakhala pamphasa pafupi ndi mwana wawo, nasanthula m'sutikesi ngati akusankha nyemba.

"La chaka chimene Wilison anapita ndi liti?"

Dailes analipeza, lachikuto chobiriwira, lodyedwa ndi njenjete m'mphepete.

"Yambira pamenepo," anatero a Esitere. "Ndipo ukweze mawu."