Tika pa Foni ya Mlamu

Mayi Kaushila Bhandari a ku Butwal sankalola chaka kudutsa osadalitsa mwana wawo Nirajan pa tsiku la tika, mwambo womata mpunga wofiira pachipumi, pachikondwerero cha Dashain. Nirajan ankagwira ntchito ya zomangamanga ku Qatar. Poti anali kutali, ankaimbirana foni yoonana nkhope, ndipo mayiwo ankamata mpunga wofiira wamadalitsowo pagalasi la foni, pamene pankaoneka chipumi cha mwanayo.

Chaka chimenecho chikondwerero chitayandikira, kunabwera Tek Bahadur, mng'ono wa malemu amuna awo, akupukuta foni yake yatsopano ndi kansalu.

"Alamu, mwamva? Mwezi wamawa kukutuluka pulogalamu yatsopano yoyendetsa mafoni. Alengeza kale mafoni amene adzailandire. Yanga ilimo. Kanu kamakedzanako mulibe, ndiye kazima basi."

"Andizimitsire foni yanga?" Mayi Kaushila anakalipa. "Anandigulira ndi iwowo? Foni yoti ikugwira bwinobwino! Anthu opanda manyazi!"

"Musalalatire ine. Kumsika ndikudziwako munthu amene amailowetsa mokakamiza, ngakhale isanatuluke. Mudzandithokoza."

Anapita limodzi kumsikako. Munthuyo anali pakakauntala pansi pa masitepe, ndipo sanafunse kalikonse. Analumikiza foniyo ku kompyuta. Foni inazima, inayaka, inaonetsa chizindikiro chake, n'kuzimanso. Inachita zomwezo mpaka mayiwo miyendo inatopa.

"Yakana, mayi," anatero munthuyo. "Ndi yokalamba."

"Yabwera pano ikuyenda yokha, tsopano ukuti yokalamba? Ndibwezere mmene inalili!"

Munthuyo anangotambasula manja. Tek Bahadur naye anakumbukira mwadzidzidzi kuti pali mbuzi ya chikondwerero yoti akaione, ndipo sanaonekenso.

M'mawa wa tsiku la tika, mayiwo anakhala pakhonde, mbale ya mpunga wofiira ili pambali, foni yakufa ili pamwendo. Nirajan ankapatsidwa mpata wochepa masana, ndipo nambala yake inali m'foni yomweyo. Aphunzitsi Menuka Poudel, amene ankakhala m'chipinda cham'mwamba n'kumaphunzitsa makompyuta kusekondale, anawapeza akunyoza onse opanga mafoni.

"Mayi, ndani anakuuzani kuti izima?" anafunsa atamva nkhani yonse. "Foni ikakhala kuti silandira pulogalamu yatsopano, sikuti yafa. Imagwirabe ndi yakale ija. Vuto limadza m'tsogolo, akasiya kuitumizira zoiteteza. Pamenepo mumasamala ndi zimene mukutsegula, n'kumakonzeka pang'onopang'ono kupeza ina."

"Ndiye kuti lero ikanagwira?"

"Ikanagwira, ngakhale chaka chamawa. Pulogalamu yeniyeni imabwera yokha m'foni, kwaulere, tsiku lake likakwana. Yoti sinatuluke, munthu wapansi pa masitepe waitenga kuti? Ndiyesa kuidzutsa chikondwerero chikatha, koma zithunzi ndi manambala mwina zapita. Tsiku lina muzisunga kaye pena musanapereke foni."

Mayi Kaushila anayang'ana foni yakufayo. Zithunzi zina zinali za amuna awo.

Nthawi yomweyo geti linalira. Anali Tek Bahadur, chifukwa mwambo sunkamulola kujomba: wamng'ono amapita kwa wamkulu kukalandira tika. Analowa akuyang'ana pansi.

"Wabwera katswiri!" anatero mayiwo. "Aphunzitsi, uyu ndi amene anamaliza sukulu ya mafoni pamalo omwera tiyi. Mbuzi ija unaipeza, kapena nayonso yakana pulogalamu?"

"Alamu, ine ndimafuna kuthandiza..."

"Uthandiza. Nambala ya mwana wa mkulu wako uli nayo. Imba, ubweretse kuno."

Nkhope ya Nirajan itaoneka pafoni ya Tek Bahadur, atavala chipewa cha kuntchito, mayiwo anatapa mpunga wonyowa wodzaza zala.

"Alamu, galasi limenelo silifuna chinyezi..."

"Khala chete, ndikudalitsa mwana."

Anamata, n'kudinikiza ndi chala chachikulu mpaka madzi ofiira anayenderera m'mbali mwa foni.

"Amayi, mwachulutsa," anaseka Nirajan. "Sindikukuonani."

"Ine ndikukuona," anatero mayiwo, n'kutapanso wina.

Phunziro: Foni yosalandira pulogalamu yatsopano sinafe. Funsani odziwa musanachite phuma, ndipo musalole munthu kuikakamiza zimene eni ake sanatulutse.