Wayifayi ya Achemwali

Lumbirolo analichita ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, kuseri kwa bafa, tsiku limene galu wawo anagundidwa ndi lole. Amayi anali atauza mlongo wake wamkulu kuti galuyo wathawa. Mlongoyo, amene maso ake anali atazima chaka cham'mbuyo, anamugwira dzanja namufinya.

"Wathawadi?"

"Ali m'ngalande, achemwali. Matumbo ali panja."

Mtsikanayo sanalire. Anati, "Kuyambira lero ndiwe maso anga. Chimene waona uzinena chomwecho, chinyanse chisanyanse. Lumbira."

Analumbira. Dzinalo linamumatirira, mpaka aphunzitsi kusukulu ankamuitana kuti Maso.

Maso anakula, napita kunja kukaphunzira zaka zitatu, nakhalako zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Pobwerera anapeza nyumba yobwereketsa mabuku ikugulitsa matayala, mtengo wa pakhomo utadulidwa kuti paziima galimoto, ana a anansi akumupatsa moni ngati munthu wosochera. Mlongo wake anali atapuma pa ntchito yophunzitsa ana osaona. Mwamuna wake anali atamwalira, ndipo ankakhala ndi mwana wake wamkazi, namwino. Mawu ake anali omwe aja. Thupi ndilo linali litatha ngati sopo wa m'bafa ya anthu ambiri.

Mphatso imene Maso anabwera nayo inali makina aang'ono ngati buku la nyimbo. Pamwamba panali mabatani olembera, m'munsi mzere wa timadontho totumphuka ndi kubwerera pansi pa zala, kupanga zilembo za anthu osaona. Galasi loonerapo panalibe. Ndi makinawo munthu ankatha kulandira makalata a pa imelo popanda wina womuimirira kumbuyo. Kwa milungu itatu mlongoyo anawerenga chilichonse, ngakhale makalata a otsatsa malonda. Lachinayi makinawo anasiya kulumikizana ndi wayifayi ya m'nyumbamo.

Loweruka masana mlongoyo anaitanitsa Maso.

"Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa," anatero atamva mapazi ake pakhomo. "Kako kabuntha milungu itatu yokha."

"Makina amatero, achemwali. Tikonza."

"Ukonze lero. Dokotala anati zotsatira za kundipima kuja atumiza sabata ino. Ndinamuuza kuti atumize kwa ine, osati kwa mwanayu. Mimba yodwalayo ndi yanga. Zaka makumi anayi ndakhala ndikuwerengeredwa makalata ngati mkaidi. Iyi ndiwerenga ndekha."

Anakhala patebulo la pabalaza, mlongoyo makina ali patsogolo pake, Maso pambali, akuyang'ana timadontho timene kwa iye tinali ngati zidzolo basi.

"Lowani pa zokonzera, mupeze wayifayi. Akuti chiyani?"

Zala zinayenda pamzerepo. "Akuti yayatsidwa. Ndipo akuona manetiweki anayi. Woyamba akuti Gula Yako. Ameneyo ndi telala uja, ndamudziwa. Wachiwiri, Ambuye Ndi Abwino. Wachitatu, Saluni. Wathu ndi uyu wa manambala, wopanda dzina ngati mwana wotola."

"Dinani wathuyo."

Anadina. Anadikira. Timadontho tinagwa, tinatumphukanso.

"Yalephera kulumikiza."

Maso anagwada kuseri kwa kabati, kumene kunali rauta, kabokosi koyera ka nyale zinayi. Mawondo ake analira. Anazula chingwe cha magetsi, nawerenga mpaka makumi atatu, nachibwezera. Fumbi linamulowa m'mphuno.

"Wakalamba," anatero mlongoyo. "Unachoka ukulumpha mipanda, wabwera ukulira ngati chitseko."

"Yesaninso."

"Yalephera kulumikiza."

"Ndiye muuzeni aiwale netiweki imeneyo, tiyambirenso ngati sakudziwana."

"Kuiwala ndiye iwe ukukudziwa bwino."

Maso anatembenuza rautayo, navala magalasi, nayamba kuwerenga pasiwedi pa kapepala komatidwa pansi pake. Tizilembo take tinali ngati nyerere. Iye ankatchula chimodzi chimodzi, mlongoyo akudina mabatani angapo nthawi imodzi ngati woimba limba. Atamaliza, makinawo anaganiza pang'ono, nayankha chimodzimodzi.

"Mwina chilembo chachikulu chija simunachilembe bwino," anatero Maso. "Pa mapasiwedi makina awa amafuna madontho ena."

"Madontho awa ndaphunzitsa zaka makumi atatu. Iwe sudziwa ndi limodzi lomwe. Mabuku onse unawerenga kunjako, zilankhulo zitatu, koma kalata yoti mlongo wako awerenge yekha sunalembepo."

Zinali zoona. Makalata ake onse ankabwera olembedwa ndi inki, ndipo womuwerengera mlongoyo anali malemu mwamuna wake, amene ankadumpha mizere imene sanaikonde.

Analembanso pasiwedi kawiri. Anaona ngati tsiku ndi nthawi pa makinawo zinali zolondola, ndipo zinali zolondola. Anawazimitsa ndi kuwayatsanso. Anasamukira pafupi ndi kabati, mlongoyo atanyamula makinawo m'mwamba ngati akupereka nsembe. Palibe chinasintha. Foni ya Maso inali yolumikizidwa ku rauta yomweyo popanda vuto.

"Foni yakoyo singandigawire intaneti yake?"

"Sindinagulebe simu yakuno."

"Mwezi wathunthu. Chikwama nachonso sunamasule, eti?"

"Ndikhoza kulowa mu imelo yanu pa foni yangayi, ndi..."

"Kuti undiwerengere? Ayi."

Panatsala njira imodzi. Maso anatsegula tsamba la rauta pa foni yake, pamene pamaoneka zipangizo zonse zimene zimalowa pa wayifayiyo. Makina alionse ali ndi nambala yakeyake, anamufotokozera, ndipo rauta imawazindikira ndi nambala imeneyo. Anamupempha aipeze ya makina ake. Mlongoyo anafufuza, naipeza, nayamba kuitchula pang'onopang'ono, ziwiri ziwiri.

Pa mndandanda wa zolumikizidwa panali mafoni awiri ndi wailesi yakanema. Maso anatsitsa tsambalo ndi chala. M'munsi munali mndandanda wina, wa zipangizo zoletsedwa, ndipo munali nambala imodzi yokha. Mlongoyo ankatchula, iye akutsatira ndi maso. Zonse khumi ndi ziwiri zinafanana. Pambali pake panali tsiku limene inaletsedwa: Lachinayi.

"Wasiya kupuma bwanji?" anafunsa mlongoyo.

"Fumbi lija. Ndikamwe madzi."

Namwino anali m'chipinda cha kumbuyo, akusita yunifolomu. Maso anatseka chitseko, namuonetsa foni. Mtsikanayo anayang'ana kamodzi, napitiriza kusita kolala.

"Ndine, amalume."

"Wachitiranji?"

"Dokotala anandiimbira Lachinayi, kundiuza kuti kalata waitumiza. Timagwira limodzi ntchito, anafuna ndidziwe." Anaimika simbiyo. "Chotupacho chafika kuchiwindi ndi m'mafupa. Miyezi iwiri, mwina itatu."

Maso anakhala pamphepete pa bedi. Pakhoma panali chithunzi cha mlongo wake ali pakati pa ana a sukulu, wonenepa, akuseka kuyang'ana kumbali pang'ono.

"Lachitatu tikupita kukaonana naye," anatero namwinoyo. "Akawauza pamasom'pamaso, ine ndili pambali, mankhwala a ululu atakonzedwa kale. Masiku anayi okha."

"Kalatayo ndi yawo. Kumene ndinali ine, wodwala sabisiridwa za thupi lake. Ndi ufulu wake. Kuno mumakonda kusekerera munthu mpaka m'bokosi."

"Kumene munali inu." Mtsikanayo ananena motsitsa mawu, koma mano atalumana. "Bambo akumwalira munatumiza khadi la maluwa. Ndinawawerengera amayi ndine. Amene ndimawasambitsa ululu ukawagwira ndine. Inu mwabwera ndi makina ndi ufulu."

"Ndinawalonjeza ndili mwana kuti..."

"Ndikudziwa za galu uja. Ndinakula ndikumva za galu uja." Anazula pulagi ya simbi. "Makina anuwo amaonetsa zilembo zingati nthawi imodzi?"

"Makumi atatu ndi ziwiri."

"Makalata amenewo ndimawadziwa. Masamba awiri, mawu a madokotala okhaokha. Mukufuna aziitola imfa yawo kachidutswa kachidutswa, akudina okha batani kuti mzere wotsatira ubwere? Mawu ena sakawamva, akafunsa inu tanthauzo lake. Mukawayankha?"

Maso anayang'ana foni. Pansi pa nambala ija panali kabatani kakang'ono kochotsera chiletsocho.

"Dinani, amalume. Sindikugwirani dzanja. Koma walira mvula walira matope. Mukadina, mukhale pomwepo mpaka amalize kuwerenga, ndipo mawa mudzakhaleponso, ndi mkuja. Osati kuthawira kuchikwama chanu chija."

Anapachika yunifolomu pa msomali, natuluka kukaanula zovala.

Maso anadutsa kukhitchini, natsegula mpopi, nausiya ukutayika pang'ono kuti umveke, nautseka osamwa. Atabwerera pabalaza anapeza mlongo wake ali momwe anamusiyira, msana uli njo, zala zonse zitagona pa mzere wa madontho ngati za munthu wodikira kuti nyimbo iyambe. Dzuwa linali litafika patebulo. Mafupa a m'manja mwake ankaoneka onse.

"Madzi ake unakatunga kuchitsime?"

"Ndinali kucheza ndi mwana wanu."

"Ameneyo masiku ano akundilankhula mofewa kwambiri. Dzulo anandipsompsona pamutu. Kuyambira ali mu sitandade wani sanachitepo zimenezo." Anaseka pang'ono. "Ndine wosaona, Maso, sindine chitsiru. Ndikudziwa kuti mwina kalatayo si yabwino."

Maso anakoka mpando, nakhala.

"Sindikuopa," anapitiriza mlongoyo. "Ndamva nkhani zoipa zambiri. Za amayi, za bambo a mwanayu, za maso angawa. Zonse zinabwera m'kamwa mwa munthu wondimvera chisoni, atazitafuna kale, atachotsa mafupa. Ndiye umakhala ukumvetsera kapumidwe kake, kuti udziwe zimene wasiya. Iyi yokha ndikufuna ndiigwire ndekha. Ndikafika pa mawu ovuta ndiima, ndibwerera m'mbuyo, ndiwerenganso. Palibe wondiyang'ana nkhope kuti aone ngati ndalira."

"Ndamva, achemwali."

"Pa zonse unalakwa, makina awa okha unachita bwino. Ndanena. Usadzandifunsenso."

Panja namwino anali kukutumula mashiti. Kwa telala kunkamveka makina osokera, akuyenda, kuima, kuyendanso. Maso anali atagwira foni pansi pa tebulo, ngakhale panalibe womubisira. Chala chake chachikulu chinali pamwamba pa kabatani kaja. Anaganiza za masamba awiri aja, mzere ndi mzere, ndi iye atakhala pampando womwewo, akuona nkhopeyo ikuwerenga. Galasi la foni linayamba kuthima, iye sanalikhudze, mpaka linathimiratu.

"Nambala ija wayipeza?" anafunsa mlongoyo.

"Ndayang'ana."

"Ndiye waona chiyani?"

Maso anaika foni m'thumba.

"Palibe cholakwika ndi makina anu, achemwali. Vuto lili kukampani ya intaneti. Akuti akonza Lachitatu."

"Nanga foni yako ija imagwira?"

"Nayonso yasiya tsopano."

Mlongoyo anapendeketsa mutu, monga ankachitira akamamvetsera mwana wa sukulu akuwerenga. Anachotsa zala zake pa madontho, nazipinda pachifuwa.

"Nyale za pa rauta zikuyaka bwanji?"

"Zofiira," anatero Maso.

Zonse zinayi zinali zobiriwira.