Hita Yotulutsa Nkhungu

Ndinalota ndikukwera mapiri a ku Dedza pa galimoto yathu yakale ija, yokhala ndi bedi kumbuyo. Pabedipo panagona mwana wanga Tadala, mano akugundana.

"Adadi, yatsani hita, ndikuzizidwa!"

Ndinapotokola kabatani mpaka kanathyokera m'manja. M'timabowo ta padashibodi munkangotuluka nkhungu yonunkha bulangete lonyowa. Galasi linangoti mbuu, msewu osaoneka. Nditatsegula boneti, ndinapeza amakaniki athu atakhala pa injini, akutafuna paipi ya hita ngati nzimbe.

"Tinadula kalekale, bwana. Ku Malawi kuno hita n'njachiyani?"

Kenaka ndinadzuka. Kaya malotowa akundiuza chiyani, koma paipiyo amakanikiwo anaiduladi. Tadala akutsokomola koopsa, ndipo mawa m'mamawa tidutsa msewu womwewo pa galimoto yomweyo popita kuchipatala.