Masamba Pamsewu wa ku Chamama

"Wadutsa pamasamba uli pachishalo, Lucious! Ndakuona ndi maso angawa. Kana ngati ndiwe mwamuna!"

Vincent anakuwa asanatsike n'komwe panjinga, thukuta likuyenderera m'khosi. Lucious anali atafika kale pamzere wa laimu polowera ku Boma, ndipo ankamwa madzi, anzake akumusisita pamsana.

"Chisoti ndinavula, aise," anatero Lucious. "Umafuna ndikhalenso pansi ndiimbe nawo?"

Ena anaseka. Vincent anamva ngati amuthira tsabola m'maso.

Ankalimbirana Chikho cha Masautso. Masautso anali mkulu wake wa Vincent, ndipo ndiye anayambitsa kalabu ya opalasa njinga ku Chamama, ya anyamata a kabaza ndi alimi a fodya, panjinga zomwezi zopitira kuchigayo. Lole ya mabelo a fodya inamugunda n'kumupha akukonzekera mpikisano. Chiyambire, chikho cha dzina lakecho chinkangogona m'nyumba za eni, Vincent akuthera kumbuyo. Chaka chino miyendo inalola. Pofika pakati pa ulendo anali yekha kutsogolo, fumbi lake likudyedwa ndi ena, mumtima akuona kale chikho chija chili pakabati kwa mayi ake.

Atangowoloka kamlatho, anaona nthambi zaziwisi zitayalidwa pamsewu. Maliro. Azimayi anali atakhala mozungulira nyumba akuimba motsitsa, azibambo ali duu pansi pa chigafa. Manja ake anagwira okha mabuleki. Anatsika, navula chisoti, nayamba kukankha njinga monga amachitira munthu aliyense woleredwa. Tsiku la maliro a Masautso iye anakhala pakhonde akuona anthu osawadziwa akutsika panjinga zawo, ena atanyamula matumba, ena odwala, ndipo palibe china chinamutonthoza kuposa chimenecho.

Akukankha choncho anamva tcheni kulira kumbuyo. Lucious anadutsa ngati mphepo, mutu uli pansi, chisoti chili m'dzanja limodzi. Mkulu wina pachigafa anaimirira n'kugwira pakamwa. Anyamata onse otsatira anatsika. Pamene Vincent ankafika pa nthambi zomalizira kuti akwerenso, Lucious anali kadontho kutali.

Tsopano Vincent anatembenukira kwa a Simeon, apampando a kalabu, amene anaima ndi wezulo m'khosi.

"Apampando, mwamva. Sanakane."

A Simeon anakanda m'mutu. "Mwana wanga, zoipa ndi zoipa ndithu. Koma ife tinagwirizana kuti woyamba kuponda mzere ndiye mwini chikho. Za masamba sitinakambirane."

"Timakambirana kuti munthu azivala buluku pobwera kuno?"

"Usandikweze mawu, Vincent."

"Chikho chokumbukira wakufa mupatse munthu wopondaponda maliro?"

A Simeon anatsegula pakamwa, koma nthawi yomweyo lole yokutidwa ndi tenti inadutsa kulowera kudepoti. Wina anakuwa kuti, "Feteleza wafika!" Anthu amene anabwera kudzaonerera anabalalika ngati nkhuku zaona kabawi, aliyense akupapasa kuponi yake m'thumba. Anyamata amene anatsika naye pamaliro paja, mboni zake, anakwera njinga zawo osacheuka. Vincent sakanawada. Amene wachedwa pamzere wa feteleza amagona pomwepo, mwina n'kubwerako chimanjamanja.

"Mayi, perekani chikho tithane nazo," anatero a Simeon, maso ali kudepoti.

A Feliya, mkazi wa malemu Masautso, ndiwo ankapereka chikhocho chaka chilichonse. Anachipukuta ndi nsonga ya chitenje, nayang'ana Vincent.

"Alamu," anatero motsitsa, "ine ndingotani?"

Vincent anayang'ana chikhocho. Kuwalanda? Kumenya Lucious pamaso pa alamu ake? Anangoima, manja ali lende. Lucious analandira chikho, nachimangirira pakaliyala ndi mphira ngati nkhuku yopita kumsika, ulendo kudepoti.

A Simeon anali atakweza kale mwendo kuti akwere njinga yawo. Vincent anagwira handulo ndi manja onse awiri.

"Chikho chapita, chabwino. Koma simuchoka pano musanandiuze. Chaka chamawa tikapeza masamba pamsewu, titsike kapena tidutse?"

"Ndisiye, ndichedwa."

"Titsike kapena tidutse, a Simeon? Ndiyankheni!"